Wopikisana ndi Kalonga Patukani

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu adawaiwala kuli ufumu wotchedwa Sitilakwa, ndipo likulu lake ndi Gwadani. M'ufumu wonsewo mudali msewu umodzi wokha wowongoka komanso wopanda maenje, dzina lake Msewu wa Chitukuko. Udayambira pachipata cha nyumba yachifumu. Cholinga chidali chakuti ukafike kumalire a dziko, koma phula lidathera pamanda a mzindawo. Boma lidalengeza kuti ntchitoyo yatha bwino, popeza nzika iliyonse idzaugwiritsa ntchito kamodzi.

Pamsewu umenewu ndi pamene amakaniko, oyendetsa matakisi ndi ena okonda liwiro ankakumana kumathero a sabata. Masewera ake adali osavuta kuwamvetsa. Magalimoto awiri ankaima pamzere umodzi, munthu n'kugwetsa kambendera, ndipo wofika msanga pamtengo wa mbawa umene udali pakhomo la manda ndiye ankapambana. Padalibe kukhota, padalibe kubwerera. Mphotho idali kutchuka basi, mwina ndi nkhuku yoyera ngati chaka chili chabwino.

Vuto lidali lakuti aliyense ankapikisana ndi aliyense. Kagalimoto kokalamba kotseka chitseko ndi waya kankaikidwa pamodzi ndi chigalimoto chatsopano cha mwana wa nduna. Pikapu yonyamula makala inkalimbana ndi takisi yochotsa mipando yonse kuti ipepuke. Mipikisano yambiri inkayamba ndi injini n'kuthera m'nkhonya.

Nkhaniyi idafika m'makutu a Kalonga Patukani, mwana yekhayo wa Mfumu Ndinepano Wachiwiri, ndipo Kalongayo adati nayenso akufuna kupikisana. Motero Mfumu idaitanitsa a Yotamu Kamzimbi, Mkulu wa Zamasewera ndi Kuomba M'manja.

A Kamzimbi adali munthu wodekha, wovala bwino, amene adakwera maudindo chifukwa palibe amene adawaonapo akugamula chinthu. Boma lidawapatsa nyumba ya njerwa ku Gwadani, yokhala ndi mpope m'kati mwenimweni mwa khitchini. Tsikulo adalowa m'bwalo lachifumu akuyenda ndi maondo, monga mwa dongosolo.

"A Kamzimbi," idatero Mfumu, "ndamva kuti anthu anga akupikisana mopanda chilungamo. M'dziko muno palibe chimene chiyenera kuchitika boma lisanavomereze, ngakhale kupanda chilungamo kumene."

"Ndi zoona, Mbuyanga."

"Mugawe magalimoto m'magulu, ofanana apikisane ndi ofanana. Loweruka likudzali akazembe a maiko oyandikana nafe abwera kudzaonerera. Ndikufuna aone zinthu zitatu: mpikisano wachilungamo, mwana wanga akupikisana ndi munthu weniweni, ndiponso mwana wanga akupambana."

A Kamzimbi adakumbukira lamulo loyamba la dzikolo, loti palibe munthu wopita patsogolo pa magazi achifumu. Galimoto yachifumu ikangotulukira, ena onse ankapatuka, kutsika, n'kuomba m'manja mpaka fumbi litakhazikika.

"Mbuyanga, nanga zitachitika kuti ziwiri zatheka, koma chachitatu chavuta pang'ono?"

"Ku boma la Simubwerako kukusowa woyang'anira masewera," idayankha Mfumu mokoma mtima. "Ndamva kuti ng'ona za kumeneko zimakonda mpikisano wosambira."

Atafika kunyumba adawafotokozera akazi awo, a Nangozo, zonse zimene Mfumu idanena. A Nangozo adamvetsera mwachifundo uku akutsuka mbale pampope paja.

"Mukakafika ku Simubwerako, bambo a m'nyumba, muzikatumiza moni," adatero. "Ine ndidatunga madzi pachitsime zaka zokwanira. Ine ndi mpope uwu adzatilekanitsa ndi Mulungu."

M'mawa mwake a Kamzimbi adaitanitsa msonkhano wa nduna. Adafotokoza mwaulemu kuti magulu achilungamo amayang'ana kukula kwa injini, kulemera kwa galimoto ndi kutalika kwake. Nduna ya Misewu ndi Maenje, imene inkakhala pa mipando iwiri nthawi imodzi, idafunsa ngati poyeza kulemerako woyendetsa akhala ali m'kati. Itamva kuti inde, idati zimenezo ndi kunyoza anthu amene Mulungu adawadalitsa. Nduna ya Zoyamika Mfumu idati injini si kanthu, chofunika ndi udindo wa mwini galimoto, pakuti galimoto ya nduna ndi nduna ya magalimoto. Nduna ya Zochedwa idapempha kuti nkhaniyi ikakambidwe kumalo ogona alendo a kumapiri, chaka chamawa.

Pomaliza adagwirizana. Padakhala gulu la injini zazing'ono, gulu la injini zazikulu, gulu la mapikapu, gulu la magalimoto olira okha ndi gulu la ofunika kukankha. Padakhalanso gulu la magalimoto amene mabuleki ake ndi pemphero, limene lidaikidwa kuti lidzathamange anthu atasunthira kutali. Kenaka nduna iliyonse idapatsidwa gulu lakelake. Mwachitsanzo, padali gulu la magalimoto obiriwira a anthu oyang'anira misewu, ndipo mwamwayi m'dziko lonse mudapezeka imodzi yokha yotero.

Chodabwitsa n'chakuti amakaniko ndi a matakisi adakondwera nawo magulu oyambirira aja. Kwa nthawi yoyamba mwini kagalimoto ka waya adaona kuti akhoza kupambana. A Kamzimbi adayamba kumva kachinthu kachilendo pachifuwa, kamene anthu a maiko ena amati kunyadira ntchito. Koma sikadakhalitse, chifukwa m'gulu la Kalonga mudali Kalonga yekha. Galimoto yake idali yakuda, yaitali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi, ya injini yobangula ngati mkango. Yofanana nayo sinkaoneka.

Adapita ku Msika wa Tingoona, kumene okonda liwiro ankasonkhana pozungulira mayi Nasibeko, wogulitsa petulo wa m'zigubu. Mayiwa ankadziwa galimoto iliyonse ya mu Gwadani pamodzi ndi ludzu lake.

"Ndikufuna munthu wolimba mtima woti apikisane ndi Kalonga," adatero a Kamzimbi.

Amakaniko onse adayamba kuyang'ana pansi pa magalimoto awo ngati pagwa kanthu.

"Mwati akapambana alandira chiyani, bwana?" adafunsa mayi Nasibeko.

"Chikho chasiliva."

"Chokamwera madzi kundende?"

"Mayi, tisathamangire kutali. Sindinanene kuti apambana."

"Nanga akagonja?"

"Alandira ulemu wogonja kwa Kalonga."

"Umenewo tili nawo kale, bwana. Timaulandira m'mawa uliwonse m'mbali mwa msewu, popanda kuwononga petulo."

Anthu adaseka mobisa. A Kamzimbi adavula chipewa n'kupukuta thukuta, ndipo m'maganizo mwawo mudabwera ng'ona za ku Simubwerako. Mayi Nasibeko adawamvera chisoni.

"Ngati mukufuna yofanana ndi ya Kalonga, ilipo imodzi. Idali ya malemu bambo ake a Mfumu. Boma lidaigulitsa pa okushoni, ndipo adaigula ndi a Tobiyasi Kanyimbiri. Adachotsa mipando ya m'mbuyo n'kuikamo makatani. Ndiyo imanyamula maliro ija."

"Imathamanga?"

"A Tobiyasi giya yachitatu amangoimva m'nkhani za anzawo."

A Kamzimbi adatsala pang'ono kuwakumbatira mayiwo. Tsiku lomwelo adapita ndi tepi yoyezera kwa a Tobiyasi, bambo wachikulire wolankhula motsitsa mawu, amene ankavala tayi yakuda ngakhale pothirira mbewu. Adayeza kutalika, adasuzumira injini, adaikweza pa sikelo ya malole. Zonse zidafanana ndi za galimoto ya Kalonga. Ngakhale kazembe wokayika chotani sakadapeza potsutsa.

"Loweruka mupikisana ndi Kalonga," adatero a Kamzimbi.

"Loweruka ndi tsiku langa la ntchito, bwana."

"Ntchito yake ndi yomweyo. Mungoyenda kuchokera pachipata cha Mfumu kukafika kumanda."

"Njira imeneyo ndiye ndimaidziwa."

"Koma mumvetse bwino, achikulire. Musadzionetse. Muyende monga mmene mumayendera masiku onse."

"Ndibwere monga ndimabwerera nthawi zonse?"

"Ndendende. Musasinthe kanthu ngakhale kamodzi."

A Tobiyasi adagwedeza mutu mwaulemu. A Kamzimbi adabwerera kwawo akuimba mluzu, ndipo atafika adatsegula mpope n'kuutsekanso, kungofuna kuumva.

Kuyambira Lachinayi apolisi adatseka Msewu wa Chitukuko kuti usesedwe, ukolopedwe, ndipo miyala ya m'mbali ipakidwe laimu. Pofika Loweruka mzinda wonse udali pamenepo. Mfumu idakhala pansanja pamodzi ndi akazembe, nduna zili m'munsi mwake, bandi ya apolisi ili pambali.

Mipikisano ya anthu wamba idayenda bwino kuposa mmene boma lidafunira. Kagalimoto ka waya kadapambana gulu lake, chitseko chili m'manja mwa mwini wake. M'gulu la ofunika kukankha mudapambana takisi ya mkulu wina wa mpingo, imene idakankhidwa ndi kwaya yonse. Padalibe nkhonya ngakhale imodzi. Akazembe ankaomba m'manja osauzidwa, zimene zidadabwitsa a Kamzimbi monga katswiri wa ntchitoyo. Kenaka nduna zidathamanga, iliyonse yokhayokha, ndipo zonse zidapambana. Nduna ya Zochedwa idafika gulu lake litatha kale, koma idapatsidwa chikho chake mwaulemu.

Tsopano idakwana nthawi ya Kalonga. Chigalimoto chake chidafika pamzere chikugwedeza nthaka. Posakhalitsa ya a Tobiyasi idatulukira mwakachetechete n'kuima pambali pake. Pambuyo pake padali khamu la amayi ovala zitenje zofanana, akuimba motsitsa. A Kamzimbi adakondwera poganiza kuti achikulirewo abwera ndi owachemerera. Atamvetsera bwino nyimboyo, adazindikira kuti ndi ya maliro. Adathamangira pazenera. M'kati mudali bokosi, nkhata zamaluwa zili pamwamba.

"A Tobiyasi, m'mbuyomu muli chiyani?"

"Muli a Pendame, bwana. A Wedisoni Pendame, okonza maambulera pamsika aja."

"Ndani wakuuzani kuti mubwere nawo?"

"Munati ndisasinthe kanthu. Ine msewu uno sindinauyendepo ndekha. Komanso mwautseka kuyambira Lachinayi, ndiye a Pendame akhala akudikira. Eni ake sakudandaula, koma kunjaku kukutentha."

A Kamzimbi adatembenuka kuti akweze dzanja, koma adachedwa. Mfumu idali itaimirira kale ndi mbendera, ndipo idaigwetsa.

Tsono ku Sitilakwa kudali mwambo wina wakale kuposa lamulo loyamba, wakale kuposa ufumu womwe. Maliro sapitiriridwa. Wapanjinga amatsika, wapagalimoto amaima, mwamuna amavula chipewa. Mwambowu sudalembedwe paliponse, ndiye chifukwa chake palibe amene adaganizapo zouphwanya. Anthu ataona bokosi lija, onse adaimirira, zipewa zili m'manja. Dzanja la Mfumu, lisanafunse mutu, lidachotsa chisoti chachifumu.

Kalonga adali ataponda kale mafuta, injini ikubangula, phazi lina lili pa buleki. Adayang'ana bambo ake alibe chisoti kumutu. Adayang'ana bokosi. Mnyamatayu ankaopa mizimu kuposa chilichonse, ndipo sadafune kuti wokonza maambulera azimuyendera kutulo moyo wake wonse. Phazi la pa buleki lidakana kusuntha.

Nawo a Tobiyasi, pokhala nzika yomvera, adaona kuti pambali pawo pali galimoto yachifumu. Adatsika, adaima m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuomba m'manja kudikira kuti Kalonga adutse.

Zidakhala choncho. Kalonga ankadikira maliro, maliro ankadikira Kalonga. Amayi adamaliza nyimbo n'kuyamba ina. Kazembe wina adanong'oneza mnzake kufunsa ngati mpikisano wayamba kapena watha. A Kamzimbi adaima pakati pa magalimoto awiriwo akumwetulira, ngati munthu amene zonse zikuyenda monga adakonzera.

Ndipo kuchokera kumanda kudatulukira munthu, khasu lili paphewa, dothi lofiira mpaka m'maondo. Adali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, amene patsiku la maliro amalankhula zimene akufuna ndipo ngakhale mfumu siwayankha. Adayenda pakatikati pa msewu wokolopedwa uja, akusiya mapazi a matope, mpaka adafika pamzere. Sadagwade. Adagogoda pazenera la Kalonga ndi mpini.

"Achimwene a chigalimoto chaphokoso, tachepetsani. Pali maliro pano, simukuona?"

Injini idatsika mawu nthawi yomweyo.

Kenaka mkulu wa adzukulu uja adatembenukira kwa a Tobiyasi. "Inu, m'manjamo mukuombera ndani? Dzenje tamaliza kalekale, ndipo dzenje siligona. Mukafuna kuti ligone, mutiuze amene alowemo m'malo mwa a Pendame." Polankhula izi adayang'ana cha kunsanja, ndipo nduna zingapo zidabisala kumbuyo kwa zinzake.

A Tobiyasi adayang'ana a Kamzimbi. A Kamzimbi adayang'ana nsapato zawo. Achikulirewo adakwera, adalowetsa giya yoyamba, n'kunyamuka monga amanyamukira masiku onse.

Sipadaonekepo mpikisano wa liwiro wotere chiyambire. Patsogolo padali a Pendame. Pambuyo pawo padali Kalonga, chigalimoto chake chikutsokomola chifukwa sichidazolowere kukwawa. Kenaka amayi oimba. Ndipo popeza sikoyenera kukhala pampando maliro akudutsa pakhomo pako, Mfumu idatsika pansanja n'kutsatira, akazembe ndi nduna pambuyo pake. Bandi ya apolisi idaphunzira nyimbo imodzi yokha, yachipambano, choncho idaiimba yomweyo pang'onopang'ono. Pakati panjira mbuzi ina idawapitirira onse awiri, koma poti sidali m'gulu lililonse, apolisi adangoiyang'ana.

Galimoto ya a Tobiyasi idadutsa mtengo wa mbawa poyamba, dziko lonse likuona, n'kupitirira kulowa kumanda. Malemu Pendame, amene m'moyo wawo sadakhalepo patsogolo pa mzere uliwonse, adaikidwa m'manda Mfumu, akazembe ndi bandi zili pomwepo. Amasiye adathokoza boma kwambiri.

Kutacha, a Nangozo adawasitira amuna awo malaya, n'kuwalongedzera chikwama. Pamwamba penipeni adaikapo neti ya udzudzu.

M'bwalo lachifumu mudali zii. A Kamzimbi adalowa ndi maondo, ndipo ulendo uno adaona kuti bwalolo ndi lalifupi.

"A Kamzimbi," idatero Mfumu, "ndani adafika poyamba pamtengo paja?"

Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe. A Kamzimbi adatsegula pakamwa asanadziwe chimene anene, ndipo mawu adabwera okha.

"Mbuyanga, dzulo padachitika chinyengo chachikulu, ndipo wolakwiridwa ndi Kalonga. Tidayeza injini, tidayeza kulemera, tidayeza kutalika. Koma pali kusiyana kumodzi kumene kudaonekera pamzere pomwe. Kalonga ali moyo. A Pendame alibe."

"Pitirizani."

"Munthu wakufa, Mbuyanga, alibe mantha. Satopa, saphethira, saganiza za mawa. Kumupikisanitsa ndi wamoyo kuli ngati kuika lole pamodzi ndi njinga. Chilungamo chimene mudalamula chikuti amenewa ndi magulu awiri. M'gulu la akufa apambana a Pendame, ndipo tiwafunire zabwino. M'gulu la amoyo, woyamba kufika pamtengo adali Kalonga Patukani, patsogolo pa amayi a nyimbo, akazembe, nduna ndi dziko lonse."

Nkhope ya Mfumu idayamba kumasuka. "Ndiye kuti mwana wanga adapambana anthu onse aja?"

"Onse, Mbuyanga. Ena ankayenda pansi, koma adasankha okha."

Pamenepo Nduna ya Zoyamika Mfumu, imene idali ndi mphwake wofuna nyumba ya mpope, idatsokomola. "Mbuyanga, pali kanthu kakang'ono. Woyendetsa uja, Tobiyasi, adali kutsogolo kwa bokosi. Ndiye adayamba kudutsa mtengo, ndipo anthu adamuona akupuma."

Maso onse adabwerera kwa a Kamzimbi.

"Kodi boma lili ndi umboni woti a Tobiyasi ali moyo?" adafunsa modekha.

"Tidamuona tonse ndi maso athu," idatero Nduna ija.

"Kuona si umboni, Mbuyanga. Tonse timaona maenje m'misewu, koma Nduna idalengeza kuti adatha chaka chatha. Tikhulupirire ziti, maso kapena boma?"

Nduna ya Misewu ndi Maenje idavomereza ndi mutu mwamphamvu, mipando yonse iwiri ikulira.

Masana omwewo wolengeza za boma adaima pa Msika wa Tingoona n'kuwerenga lamulo latsopano. Lidati Kalonga Patukani ndi katswiri wa liwiro pakati pa amoyo onse. Lidati a Tobiyasi Kanyimbiri adamwalira Lachisanu, atadwala kwa kanthawi kochepa, ndipo boma likupepesa banja lawo. Lidatinso a Yotamu Kamzimbi akwezedwa kukhala Mkulu wa Zamasewera, Kuomba M'manja ndi Akufa Oyenda, ndipo akhalabe m'nyumba yawo. A Nangozo atamva adamasula chikwama chija, n'kuwauza amuna awo kuti sadakayikepo za iwo.

A Tobiyasi adamva za imfa yawo akumwa tiyi pabenchi la mayi Nasibeko. Anthu adayamba kubwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza.

"Pepani ndi zovutazi, achikulire. Zidayamba bwanji?"

"Sindinamve kupweteka kulikonse," adayankha a Tobiyasi. "Onjezerani shuga."

Lolemba m'mawa mdipiti wa magalimoto achifumu udatulukira pamsewu wopita kumsika. Aliyense adapatuka, adatsika, n'kuyamba kuomba m'manja. A Tobiyasi okha, amene adali patsogolo kupita kukagula oilo, adaganiza pang'ono n'kupitiriza ulendo. Wapolisi adakweza dzanja kuti awaimitse, adazindikira nkhope, adavula chipewa. Mdipiti wonse udawatsatira pang'onopang'ono mpaka pamene adakhotera. Msika wonse udaona zimenezi uli chiimire m'fumbi.

Tsiku lotsatira a Kamzimbi adanyamuka kupita ku ofesi ali wosangalala. Atakhota pakona adapeza mzere wa anthu woyambira pakhomo la ofesi yawo, kuzungulira positi ofesi, mpaka kuseri kwa chigayo. Padali a matakisi, amakaniko, a minibasi, anamwino, aphunzitsi apanjinga, aliyense atavala kanthu kakuda. Patsogolo penipeni padali mayi Nasibeko, mpango wakuda uli kumutu.

"Kwagwanji, mayi?"

"Tabwera kudzalowa gulu la a Tobiyasi, bwana."

A Kamzimbi adayang'ana mzere uja mpaka pamene maso awo adalekezera. "Nonsenu mukufuna kufa?"

"Iyayi, bwana," adayankha mayi Nasibeko akukonza mpango wawo. "Tikungofuna tizifika kumene tikupita."